Winchi pa bampa yomwe sinapangidwire winchi: n'zotheka, kapena ndingogula bampa ina?

Mwinipikapu:
Akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru. Ndili ndi pikapu ya 4x4 ya zitseko zinayi, imene kulemera kwake ikadzaza, malinga ndi kachitsulo kolembedwa ndi opanga, ndi makilogalamu 2,800. Kutsogolo kwake kuli bampa yachitsulo yomwe ndinaipeza ili pomwepo pogula galimotoyi. Poiona ndi yolimba ndithu, koma ilibe malo a winchi, makina okokera galimoto ndi chingwe ikatitimira: mulibe thireyi yokhalapo winchiyo, mulibe mabowo anayi oimangira, ngakhale zenera lotulukira chingwe palibe. Ndapeza winchi ya mapaundi 9,500 ya chingwe cha ulusi, osati cha waya. Maganizo anga ndi akuti ndiwotcherere chitsulo chafulati pamwamba pa bampayo, ndiboole mabowo, ndimangepo winchi. Ndayeza ndapeza kuti thupi la bampa ndi chitsulo cha mamilimita 3, ndipo imagwira ku chasisi ndi mabulaketi awiri, lililonse lili ndi mabawuti awiri a M10, lina pamwamba lina pansi. Kodi zimenezi zingapirire, kapena ndikufuna kuwononga galimoto?

Mpondamatope:
Achimwene, kukula kwa winchi mwasankha bwino. Mwambo umene ambiri amatsatira ndi wochulukitsa kulemera kwa galimoto yodzaza ndi 1.5, ndiye kwa inu zikupereka makilogalamu 4,200, pamene mapaundi 9,500 ndi pafupifupi makilogalamu 4,300. Za kumanga, ine ndinachita zofanana ndi zimene mukuganizazo pa galimoto yanga, ndipo yanditulutsa m'matope popanda chovuta. Pezani chitsulo chochindikala ndi wowotcherera wodziwa ntchito, basi zatha.

Mmisiri:
A Mpondamatope, sindikukana kuti kwa inu zinayenda, koma ndisanavomereze ndikanakonda kudziwa kuti bampa yanu imagwira bwanji ku chasisi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Winchi ikamakoka, mphamvu yake siithera pa chitsulo chimene yakhalapo. Imachoka pa chingwe kupita pa dilamu yokulungirapo chingwecho, kuchoka apo kupita pa mapazi a winchi, kenako pa thireyi, pa mabulaketi, mpaka kukafika pa chasisi, ndipo chimene chili chofooka kwambiri mu mndandanda umenewu ndicho chimagonja. Mutha kuwotcherera chitsulo cha mamilimita 10 pamwamba pa bampa, koma ngati pansi pake pali chitsulo cha mamilimita 3 ndi mabulaketi opangidwira kungonyamula bampa, mwangosamutsa vuto kulichotsa pamalo ooneka kulipititsa pamalo obisika. Kuli ngati kumangirira ng'ombe yamphamvu ku chitseko m'malo mwa ku nsanamira: chingwe chikhoza kukhala chabwino, koma chimene chizuke ndi mahinjesi.

A Mwinipikapu, tatiuzeni zinthu ziwiri. Choyamba, mabawuti awiri aja atalikirana bwanji? Chachiwiri, pamwamba pa bampa pamene mukufuna kuika winchi pakwera bwanji kuchokera pa mabawutiwo?

Mwinipikapu:
Zikomo a Mmisiri. Ndapita kukayeza. Mabawuti atalikirana masentimita 5, ndipo winchi itakhala pamwambapo, chingwe chizidutsa pafupifupi masentimita 15 pamwamba pa mabawutiwo.

Mmisiri:
Pamenepo ndiye pali ngozi imene ndimaopa. Chingwe chikamakoka pamwamba pa mzere wa chasisi, bampa sikokedwa kutsogolo kokha, imapotokolanso, mutu wake kuweramira kutsogolo pamene m'munsi mwake mukukankhira kumbuyo. Tiwerengere mwachidule. Mphamvu ya makilogalamu 4,300 pa mtunda wa masentimita 15 iyenera kuletsedwa ndi mabawuti otalikirana masentimita 5 okha, kutanthauza kuti mabawuti a pamwamba, mbali zonse ziwiri pamodzi, asenza katatu mphamvu ya winchi, pafupifupi matani 13, tisanawonjezere kukoka kwenikweni kolunjika kutsogolo. Kuwerengera kumeneku n'kwa pamwambamwamba, koma kukuonetsa kukula kwa nkhaniyi. Nthawi zambiri bawuti silithyoka msanga. Chimene chimayamba ndi bowo kutalika ngati dzira, bulaketi n'kupindika, kenako bampa n'kugonera kutsogolo, m'munsi mwake n'kukagunda zimene zili kumbuyo kwake, ndipo kumbuyoko ndi kumene kuli redieta.

Malangizo anga ndi akuti muiwale zoti winchi ikhale pa bampa. Winchi ikhale pa thireyi yakeyake yogwira ku mikono iwiri ya chasisi, pansi ndiponso chapakati momwe kungathekere, ndipo bampa ingokhala chophimba chokhala ndi zenera. Thireyi isachepere mamilimita 6 kuchindikala, ndipo ikhale yopindidwa m'mbali, kutsogolo ndi kumbuyo, chifukwa chitsulo chafulati chopanda mipindiko chimagonja mosavuta ngakhale chitachindikala. M'makona muike timagasete, tizitsulo tolimbitsira ta makona atatu. Mbali iliyonse igwire ku chasisi ndi mabawuti osachepera atatu a M12, otalikirana bwino, ena mwa iwo akhale chakumbuyo kuti katundu agawikane pa utali wa chasisi, osati pa nsonga pokha.

Mpondamatope:
Ndagwada pansi pa galimoto yanga kuti ndiyankhe funso lanu, a Mmisiri. Mabulaketi anga ndi aatali, alowa m'mbali mwa chasisi ndi mabawuti anayi mbali iliyonse, ndipo winchi ili pafupifupi pa mzere umodzi ndi chasisi. Ndiye zoona, bampa yanga ndi ya a Mwinipikapu sizifanana. Komabe ndikuona ngati tikuwaopseza mopitirira. Winchi sikoka mapaundi 9,500 nthawi zonse. Mphamvu yolembedwayo ndi ya pa mzere woyamba wa chingwe pa dilamu, ndipo chingwe chikamaunjikana mphamvu imatsika, moti pofika mzere wachinayi imakhala itachepa kwambiri. Kuwonjezera apo, ngati munthu akuopa, agwiritse ntchito snatch block, kagudumu kozungulizapo chingwe kuti chibwerere, katundu achepe ndi theka.

Makaniko Wamkulu:
Pepani ndilowererepo pa za snatch block, chifukwa apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Chingwe chikapita pa mtengo, n'kuzungulira pa snatch block, n'kubwerera ku galimoto, chimene chapepukidwa ndi theka ndi winchi, osati galimoto. Galimoto ikukokedwabe ndi mphamvu yonse imene matope akufuna, kungoti yagawika pa zingwe ziwiri. Mbedza ikabwerera n'kukakolekedwa pa bampa yomweyo, mabulaketi aja asenza zingwe zonse ziwiri, ndipo winchi ikakoka mpaka pomaliza penipeni, katundu wa pa bampa akhoza kuyandikira matani 8, tikachotsa zimene zimatayika pa gudumu la snatch block. Choncho mbedza iyenera kubwerera pa chokokera chenicheni chomangidwa ku chasisi. Tizitsulo topindika timene timakhala pansi pa magalimoto ambiri, tomangira galimoto ikanyamulidwa pa lole kapena m'sitima, si zokokera zimenezo.

Pa mfundo yoti winchi sikoka mphamvu yonse nthawi zonse, ndikugwirizana nanu, koma chinthu sichimangidwa poganizira tsiku labwino. Galimoto ikamira mpaka chasisi kugona pa matope, mphamvu yofunika poizula ikhoza kuposa kulemera kwake, ndipo tsiku limenelo munthu amasolola chingwe chonse dala kuti apeze mphamvu ya mzere woyamba. Ndi tsiku lomwelonso pamene anthu amaimirira pafupi kuonerera. Bampa ikazuka chingwe chili chokokeka, imauluka pamodzi ndi winchi.

Mayi Wamaulendo:
Abambo, mwakamba zambiri za kulimba, koma palibe amene wafunsa ngati galimotoyi ili ndi ma airbag, matumba a mpweya oteteza anthu pa ngozi. Pa magalimoto ambiri a masiku ano, kutsogolo kwa chasisi kunapangidwa kuti kuzifinyika pa ngozi, ndipo pa ena pali zitsulo zamphako zomangidwa ndi mabawuti pa nsonga za chasisi, zimene ntchito yake ndi kuphwanyika kuti zimwe mphamvu ya kugundako. Masensa a airbag amayeza mmene galimoto ikuimira mwadzidzidzi, ndipo opanga anawatchera poganizira kafinyikidwe kameneka. Thireyi yolimba ikalumikiza mikono iwiri ya chasisi n'kulambalala malo ofinyikawo, kugunda kumafika ku thupi la galimoto mwa mtundu wina, ndipo airbag ikhoza kuphulika pa kugunda kochepa kapena kuphulika pa nthawi yolakwika. N'chifukwa chake makampani akuluakulu opanga mabampa a winchi amayesa mabulaketi awo pa mtundu uliwonse wa galimoto asanalembe kuti ndi ogwirizana ndi airbag. Wowotcherera, ngakhale waluso bwanji, alibe njira yoyesera zimenezo.

Mwinipikapu:
Amayi, mwandikumbutsa chinthu chachikulu. Ili ndi ma airbag awiri, wa dalaivala ndi wa wokhala pambali. Kodi ndiye kuti ngakhale thireyi ya a Mmisiri ija ndiisiye?

Mmisiri:
Amayi anena zoona, ndipo sindingakutsimikizireni kuti thireyi yopanga pamanja sisintha kagwiridwe ka airbag. Ndiwonjezere kuti bampa imene ili pagalimotopo panopa, yosadziwika wopanga wake, mwina inasintha kale zimenezo. Njira yapakati ilipo: pali mathireyi opangidwa kale a mtundu uliwonse wa galimoto zodziwika, opangidwira kubisa winchi kuseri kwa bampa, ndipo amagwira pa mabowo amene ali kale pa chasisi. Mukapeza ya galimoto yanu, funsani ogulitsa ngati inayesedwa pa nkhani ya airbag, ndipo akupatseni yankho lolembedwa. Ubwino wina ndi wakuti simuboola kapena kuwotcherera chasisi.

Pa kuboola chasisi ndikhalepo pang'ono, chifukwa ndimaona zambiri zolakwika. Chasisi chamakono ndi chamabokosi, champhako mkati, ndipo makoma ake ndi opyapyala kuposa mmene anthu amaganizira. Mukadutsitsa bawuti mbali zonse ziwiri n'kumanga mwamphamvu popanda kapaipi mkati, makomawo amafinyikira mkati, bawuti limakhwepa pakapita nthawi, ndipo thireyi imayamba kugwedezeka. Kapaipi kochindikala, kotalika mofanana ndi mphako ya chasisi, ndiko kamapangitsa kuti bawuti limangike zenizeni. Musaboole pamwamba kapena pansi pa mkono wa chasisi, pamene pamasenza kupindika kwambiri. Ngati kuboola kuli kosapeweka, kukhale m'mbali chapakati. Kuwotcherera thireyi mwachindunji ku chasisi sindikulimbikitsa, chifukwa moto umafooketsa chitsulo cha m'mphepete mwa chowotchereracho, ming'alu imayambira pomwepo, komanso tsiku lofuna kuchotsa redieta mudzafunika gulayinda.

Zamagetsi:
Ine ndikambe za mbali yanga, chifukwa winchi yobisika kuseri kwa bampa ili ndi mavuto ake a magetsi. Winchi ya kukula kumeneku ikamakoka mwamphamvu imamwa ma ampere opitirira 400, pamene alitaneta ya galimoto zambiri zotere sifika ngakhale theka la chiwerengero chimenecho. Chotsalacho chimachokera mu batire, n'chifukwa chake injini izikhala ikulira pokoka, ndipo muzikoka pang'ono n'kupumula kuti mota izizire ndi batire libwerere. Opanga ambiri amafuna batire la CCA (muyezo wa mphamvu yake yolizira injini kukazizira) yosachepera 650.

Bokosi la masolenoidi, masiwichi a magetsi oyendetsa mota ya winchi, limene limakhala pamwamba pa winchi kawirikawiri silikwana kuseri kwa bampa, ndiye liyenera kusamutsidwira mkati mwa boneti. Mukatalikitsa mawaya, musawachepetse kunenepa. Mawaya a winchi zotere amakhala pafupifupi mamilimita 35 sikweya, ndipo ngati mtunda wakula, onjezani kunenepa. Waya wa negetivu upite ku batire mwachindunji, osati kumangidwa pa bampa kapena pa chasisi, chifukwa waya wa fakitale wolumikiza batire ndi thupi la galimoto sunapangidwire moto wochuluka chonchi. Paliponse pamene waya wadutsa pa bowo la chitsulo pakhale mphira, ndipo pamene mwadula bampa pasalazidwe. Waya wa pozitivu wonenepa chonchi ukakhuzika n'kukhudza chitsulo, galimoto imayaka. Ndimalangizanso siwichi yodula moto pafupi ndi batire, yokwanira ma ampere amenewo, kuti winchi izikhala yakufa pa ulendo wamba. Ndipo ngati padzakhala kuwotcherera kulikonse bampa ili pagalimoto, batire lichotsedwe kaye, pofuna kuteteza kompyuta ya injini ndi ya airbag. Chabwino koposa n'kuchotsa bampayo n'kukaigwirira ntchito pansi.

Mayi Wamaulendo:
Ndiwonjezere za kagwiritsidwe ntchito, zimene zimaiwalika pojambula thireyi. Dzanja liyenera kufika pa chogwirira cha kilatchi chimene chimamasula dilamu kuti chingwe chisololedwe ndi manja, ndipo lifike mutavala magolovesi, usiku, bampa ili yodzaza matope. Pa mawinchi ambiri mbali ya magiya imatha kumasulidwa n'kutembenuzidwa pang'ono kuti chogwiriracho chiloze kumene dzanja lingafike, koma onani m'buku la winchi yanu ngati zikuloledwa. Chachiwiri, diso liyenera kuona dilamu. Pokoka chammbali chingwe chimaunjikana mbali imodzi, ndipo mulu umenewo ukakula umakankha timipiringidzo tolumikiza mbali ziwiri za winchi mpaka kuswa thupi lake. Ngati bampa yaphimba zonse, dulani kazenera pamwamba koonera.

Mwinipikapu:
Ndakumvani nonse. Ndasiya maganizo owotcherera pamwamba pa bampa. Ndafufuza ndapeza kuti thireyi yopangidwa kale ya galimoto yanga ilipo, ndipo mabowo ake ndi a mamilimita 254 ndi 114, omwe akufanana ndi mapazi a winchi yanga. Mafunso atsala awiri. Fairlead, chitsulo chimene chingwe chimadutsamo potuluka, ndiimange pa bampa kapena pa thireyi? Komanso mabawuti amene anabwera ndi winchi akuoneka wamba, ndiye ndimaganiza zogula osachita dzimbiri aja.

Makaniko Wamkulu:
Mabowo amenewo ndi muyezo wofala wa mainchi 10 ndi 4.5, ndiye pamenepo palibe vuto. Za mabawuti, yang'anani pamutu pake. Ngati palembedwa 8.8, ndi oyenera, ndipo ndi amene opanga ambiri amapereka. Osachita dzimbiri wamba, olembedwa A2-70, ndi ofooka poyerekeza ndi 8.8, ndiye mukhala mwatsika m'malo mokwera, komanso amakonda kulumana ndi nati pomanga. Ngati mukufuna olimbirapo gulani 10.9. Chimene muyenera kusamala kwambiri ndi utali wake. Manati amakhala m'timabowo ta m'mapazi a winchi, ndipo bawuti likatalika mopitirira limakagunda thupi la winchi lisanamange thireyi, mwina mpaka kuswa phazi. Likafupika siligwira mano onse a nati. Utali woyenera umadalira kuchindikala kwa thireyi yanu. Mangani ndi sipanala yoyezera. M10 ya 8.8 imamangidwa chapafupi ndi 45 mpaka 50 Nm pa sipanalayo, pokhapokha buku lanu litanena zina. Onetsetsaninso kuti thireyi ndi yafulati pamene pakhala mapazi, chifukwa winchi yomangidwa pa malo opotoka imapotoka nayo ndipo dilamu imalimba kuzungulira.

Chinthu china ndi mbali imene chingwe chikutulukira. Pa mawinchi ambiri omangidwa mapazi pansi, chingwe chiyenera kutuluka pansi pa dilamu, motsatira kamuvi kojambulidwa pa thupi la winchi. Buleki ya mkati imagwira mbali imodzi, ndiye munthu akatembenuza winchi kuti mota ikwane malo, n'kukulunga chingwe chobwerera, buleki sigwira moyenera katundu ali pa chingwe.

Mmisiri:
Fairlead ikhale pa thireyi, osati pa bampa ya mamilimita 3. Pokoka molunjika fairlead sisenza kanthu, koma chingwe chikapatuka chammbali kapena chokwera, katundu wochuluka amagwera pa iyo, ndipo ikakhala pa bampa mwabwezanso mphamvu ya winchi pa mabulaketi ofooka aja. Mathireyi ambiri amabwera ndi mlomo woimirira kutsogolo wokhala ndi mabowo awiri otalikirana mamilimita 254, ndipo ndi pamenepo. Popeza chingwe chanu ndi cha ulusi, tengani fairlead ya aluminiyamu yosalala, osati ya magudumu yomwe inadutsapo kale waya, chifukwa mikwingwirima ya wayayo imadula ulusi.

Zenera la pa bampa likhale lalikulu kuposa kamwa la fairlead mbali zonse, kuti chingwe chisakhudze m'mphepete mwa bampa ngakhale mutakoka chammbali kwambiri. Ngati thireyi yakhala kutali kumbuyo kwa nkhope ya bampa, zeneralo liyenera kukula koposa. Musadule musanayese: mangani thireyi ndi winchi kaye bampa itachotsedwa, kenako yesani bampa, lembani ndi choko, dulani pang'onopang'ono. Mukadula mwafooketsa bampayo pakati, choncho wotchererani kachitsulo kozungulira m'mphepete mwa zenera, musalaze bwino, mupake utoto woletsa dzimbiri.

Mpondamatope:
Ine nditsalira pa mfundo yanga imodzi, yakuti kwa munthu amene winchi amaifuna mwa apo ndi apo, pali njira yopepuka: winchi yokhala pa kathireyi konyamula, kolowetsa mu chokokera cha mainchi 2, kutsogolo kapena kumbuyo. Galimoto siyenda ndi katundu pamphuno tsiku lililonse, ndipo mutha kudzikokera chambuyo, kumene nthawi zambiri ndiko kufupi ndi pouma. Kuipa kwake n'kwakuti siikonda kukoka chammbali, chokokeracho chiyenera kukhala chovomerezeka pa mphamvu imeneyo, ndipo kunyamula makilogalamu oposa 30 uli m'matope si masewera. Koma poti a Mwinipikapu apeza thireyi yawo, aganizire za kulemera. Winchi, thireyi ndi bampa yachitsulo pamodzi zili patsogolo pa ekiselo, ndiye mphuno idzatsika. Yezani kuchokera pakati pa gudumu kufika pa madigadi musanamange ndi mutamanga. Ikatsika kwambiri pafunika masipuling'i olimbirapo, alayinimenti ndi kutcheranso nyali.

Mayi Wamaulendo:
Muonenso mpweya wopita ku redieta. Winchi ikakhala pakati pa mikono ya chasisi imatchinga mbali ya mpweya, makamaka ngati intakula, yoziziritsa mpweya wolowa mu injini, ili m'munsi, ndiye masiku oyamba muziyang'ana geji ya kutentha pokwera mapiri ndi katundu. Siyani mpata pakati pa winchi ndi kondensa ya eyakoni, chifukwa chasisi ndi thupi la galimoto zimagwedezeka mosiyana pa msewu wa mabampu. Ndipo musanayambe, funsani a inshuwalansi anu ndi malamulo a kumene mukukhala ngati kusintha kotere kuyenera kulembetsedwa.

Mwinipikapu:
Zikomo kwambiri nonse. Ndiitanitsa thireyiyo ndikalandira yankho la za airbag, ndipo bampa ndingoidula zenera la chingwe ndi kazenera koonera dilamu. Nanga ndikamaliza ndiyese bwanji ndisanapite nayo kutchire?

Makaniko Wamkulu:
Yambani ndi kukulunga chingwe chili ndi katundu, zimene chingwe chatsopano chimafuna kale. Pezani malo okwera pang'ono ndi mtengo wolimba, zungulizani lamba wotetezera mtengo, sololani chingwe n'kusiya pa dilamu mizunguliro imene buku likunena, yomwe pa chingwe cha ulusi imakhala yochuluka kuposa isanu ya pa waya chifukwa ulusi umaterera. Galimoto ili mu nyutilo, wina ali pa chiwongolero phazi lili pafupi ndi buleki, ikokeni pang'onopang'ono kuti chingwe chikhale molimba mzere ndi mzere. Ikani chinsalu cholemera pa chingwe, ndipo wina aliyense akhale kutali. Musanayambe, lembani mzere wa utoto kudutsa pa mutu wa bawuti lililonse ndi pa malire a thireyi ndi chasisi. Mukamaliza kukoka, gwadani ndi tochi muone ngati mizere ija yasemphana, ngati utoto wang'ambika m'makona a thireyi, komanso ngati mpata wa pakati pa winchi ndi kondensa wasintha. Kenako bwerezani mutaponda buleki pang'ono kuti katundu akule, n'kuyang'ananso malo omwewo. Mabawuti onse muwapimenso ndi sipanala yoyezera mukatha kuyesako, komanso mukabwera ku ulendo woyamba wa msewu woipa.